Chala Chimodzi cha Pepala

Ana anga, amayi anu akuti ndileke kukalipa ndikamalemba chifukwa bolopeni ikuboola pepala. Ndayesa, zakanika. Mutu uno ukunena za chitini cha mabisiketi chimene chili pamwamba pa wadiropu, chija munkafuna kutaya poganiza kuti muli zinyalala. Werengani kaye mpaka kumapeto, kenako mudzachikhudze.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa koleji ina yophunzitsa alangizi a zaulimi, kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata. Dzina lake sindilemba, chifukwa anthu abwino akadalipo kumeneko. Anandilemba ngati kalipentala wamng'ono pansi pa a Jere, mmisiri wamkulu, bambo wamfupi wosaseka wamba, amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo ngakhale m'tchalitchi. Tinkakhoma zitseko, madesiki ndi mabedi a ophunzira. Koma ntchito imene tinkainyadira inali ya kumapeto kwa chaka, yopanga mafelemu a masatifiketi. Koleji inali ndi mwambo wopereka satifiketi ili kale m'galasi, kuti mwini wake akangofika kwawo akhome msomali n'kupachika.

Zinthu zinali zosowa masiku amenewo. Galasi tinkadula la mawindo osweka, misomali tinkawongola yakale pamwala, ndipo thabwa la mlombwa likapezeka a Jere ankalinunkhiza kaye ngati nyama yowotcha. Chosowa kwambiri chinali pepala lolimba ngati katoni limene limazungulira satifiketi m'kati mwa felemu, lija timalitchula kuti maunti. Ameneyo a Jere ankamutsekera m'kabati, kiyi n'kuyenda naye m'thumba.

Sabata yanga yoyamba pa mafelemu, satifiketi ina inakana kulowa, inatsala pang'ono chabe. Ndinatenga mpeni. Ndisanaugwetse, rula ya a Jere inali itatera kale pa zala zanga.

"Iwe Mbewe, ufuna kuchita chiyani?"

"Ndingochotsako pang'ono, amisiri, kuti ilowe."

"Dula thabwa. Dula galasi. Dula maunti. Ukafuna, dula chala chako. Koma pepala la munthu sulikhudza ndi mpeni. Zaka zitatu wavutikira limeneli, iwe ufuna kulimeta ngati mutu wa mwana?"

Tsiku limenelo anandiphunzitsa ntchito yonse. Umayamba kuyeza pepala, osati felemu. Ukayeza umawonjezera zala zitatu mbali zonse, pansi n'kuwonjezerako pang'ono kuti diso lisaone ngati pepala likutsetsereka. Zenera la maunti umalidula locheperako pang'ono kuposa pepala kuti ligwire m'mphepete, koma osabisa chilembo ngakhale chimodzi. Pepala umalimata pamwamba pokha, malo awiri, kuti nyengo ya mvula likafufuma lisachite makwinya, ndipo maunti ndiye amaliteteza kuti lisamatirire ku galasi. Felemu imabwera pomaliza, yopangidwa motsatira zonsezo. Anandiphunzitsanso khalidwe lina limene poyamba ndinkaliseka: kachidutswa kalikonse kotsala, kaya ka maunti kaya ka chiyani, sutaya. Umalemba kumbuyo ndi pensulo kumene kachokera n'kukaponya m'chitini. Manja anga anazolowera zimenezo mpaka ndinkachita osaganiza.

Chaka chimene Maliya anabadwa

A Jere anali atapuma, ine ndiye ndinali mmisiri wamkulu. Koleji inagula kompyuta n'kuyamba kusindikiza yokha masatifiketi pa pepala la A4, la masentimita 21 m'lifupi ndi pafupifupi 30 m'litali. Anali okongola, okhala ndi mzere wobiriwira wopotanapotana kuzungulira m'mphepete. Pamwamba panali chizindikiro cha koleji, pansi penipeni nambala ya satifiketi ya tizilembo tofiira. Nambala imeneyo ndiyo inkagwirizana ndi ya m'buku lalikulu la ku ofesi.

Chaka chomwecho tinalandira bwana Daka, woyang'anira katundu ndi antchito. Anali munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala, ndipo ife ankatitchula kuti anyamata a matabwa, ine ndili ndi ana atatu, wachinayi Maliya ali m'njira. Kutatsala masiku awiri kuti mwambo womaliza maphunziro uchitike, anatenga galimoto ya koleji kupita ku Mwami, n'kubwerako ndi makatoni a mafelemu apulasitiki onyezimira ngati golide, ogula kwa amalonda a pa boda. Sanandifunse, sanatenge tepi, sanatenge ngakhale satifiketi imodzi yoyesera. Mafelemu anga a mlombwa, amene ndinali nditawapala kale, anati ndiwaike pambali.

M'mawa mwake nditatsegula katoni yoyamba ndinaona pa kapepala ka m'kati kuti muyeso wake ndi wa mainchesi, eyiti ndi hafu kwa leveni. Amenewo ndi a pepala la maiko ena, lalifupi ndi lonenepa pang'ono kuposa lathu. Ndinayesa satifiketi. M'lifupi inalowa n'kutsala kampata. M'litali inatulukira kunja ndi mamilimita 18, chala chimodzi basi. Ndinanyamula zonse ziwiri kupita ku ofesi.

"Bwana, mafelemu aja ndi a mainchesi. Satifiketi zathu ndi za masentimita. Sizikulowa."

"Zikulephera ndi zingati?"

"Chala chimodzi."

Anaseka. "Chala chimodzi chabe ndiye mwabwera nacho kuno? A Mbewe, mpeni mulibe?"

Ndinawauza njira zitatu. Ndimalize a mlombwa aja, nthawi inalipo. Kapena tipereke m'maenvulopu, mafelemu atsatire. Kapena abweze awa atenge okulirapo, ine ndidule maunti ya muyeso wa A4. Zonse anakana. A mlombwa anati ndi achimudzi, alendo ochokera ku Lusaka adzatiseka. Kubweza anati sizingatheke, wogulitsa anali atawoloka kale boda.

"Ndiye dulani. Pamwamba iyayi, pali chizindikiro cha koleji. Dulani pansi."

"Bwana, pansi pali nambala."

"Nambala amaiwerenga ndani? Anthu amawerenga dzina. Manje pitani, pulogilamu ni mailo, kwatsala usiku umodzi chabe." Nditaimabe, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kapena nipeze kalipentala wina womva?"

Maliya, iwe unali ndi masabata atatu. Sindikunena izi kuti ndikusenzetse mlandu, ndikungonena zimene zinali m'mutu mwanga ndikubwerera ku shedi yathu yopalira matabwa. Masana amenewo, dzuwa likuswa mtengo, ndinaika rula yachitsulo pa satifiketi yoyamba n'kukoka mpeni. Ndinadula makumi anayi ndi zitatu. Mpeni unali ndi kachibenthu kakang'ono, moti podula paliponse unkasiya kadzino pamalo amodzimodzi. Kachidutswa kalikonse kakagwa, kali ndi nambala yake yofiira, dzanja linkalemba dzina la mwini wake kumbuyo n'kukaponya m'chitini. Musaganize kuti inali nzeru. Chinali chizolowezi chabe cha a Jere, chimene chinatsala m'manja pamene lamulo lawo lalikulu ndinali nditaliponda.

Mwambo unayenda bwino, nthungululu zokhazokha. Bwana Daka anayamikiridwa pagulu chifukwa cha mafelemu amakono. Ine ndinaima kumbuyo kwa tenti. Bambo wina wachikulire, mlimi wa ku Kasenengwa, atauzidwa kuti ndine mmisiri anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri, felemu ya mwana wake ataikumbatira pachifuwa. Mwanayo anali Esinati Miti, mtsikana wamtali amene anapambana onse pa maphunziro a nthaka. "Amisiri, mwatikongoletsera nyumba," anatero bamboyo. Ine ndinayankha kuti zikomo. Mpaka lero ndikakumbukira zikomo ameneyo ndimafuna kulavula.

Chaka chotsatira, nyengo yokolola

Linali Lolemba m'mawa pamene Esinati analowa m'shedi, felemu ataikulunga m'chitenje. Anali ataonda. Anandifotokozera ataimirira, anakana mpando. Bungwe lina lothandiza alimi linkafuna alangizi, ndipo iye anayankha bwino mafunso onse. Pomaliza anamuuza kuti atulutse satifiketi m'galasi aione. Mayi wamkulu wa pamenepo anaiika pamwamba pa pepala wamba la A4 n'kuona kuti ndi yaifupi. Anafunafuna nambala, osaipeza. Pamaso pa anthu onse anamufunsa kuti anaigula kuti. Anamupatsa mpaka Lachisanu kuti abweretse umboni wochokera ku koleji, apo ayi malo apita kwa wina ndipo nkhani ikafika kupolisi. Mbiri inali itafika kale ku Kasenengwa kuti mwana wa a Miti anagula pepala, ndipo bambo ake aja anali atasiya kupita kumsika chifukwa cha manyazi.

Mkulu wa koleji anali pa ulendo. Buku la manambala linali m'manja mwa bwana Daka, ndipo Esinati anali atachokera kumeneko. Bwanayo anamuuza kuti koleji sipereka satifiketi yopanda nambala, ngati yake ilibe ndiye kuti anadula yekha. Tamvani bodza la munthu wa tayi!

"Atate," anatero Esinati, "ndinu munaika m'felemu. Pamene munaiika, inali chonchi?"

Chitini chinali pa shelefu, kumbuyo kwa mutu wake. Ndikanangotambasula dzanja. Koma ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mayi, zinali zambiri, sindikukumbuka bwino." Anandiyang'ana nthawi yaitali, anakulunga felemu yake, n'kutuluka osatsazika.

Lolemba linatha, Lachiwiri linatha, ine ndikupala matabwa amene sanafunike kupalidwa. Lachiwiri madzulo ndinawauza amayi anu zonse tili pakhonde. Iwo sanakweze mawu, mukuwadziwa. Anangofunsa kuti, "Ndiye mwana wa eni ake akutchedwa wakuba, inu nambala yake mwaisunga m'chitini ngati mbewu ya chaka chamawa? Mudzaibzala liti?"

Lachitatu ndinapita kwa bwana Daka ndi kachidutswa ka Esinati. Ndinkaganiza kuti akakaona achita manyazi n'kulemba kalata. Ndinali wopusa. Anakatembenuza, anawerenga dzina kumbuyo, n'kukabweza patebulo ndi chala chimodzi ngati ndi chinthu chonunkha.

"A Mbewe, mpeni unali m'dzanja la ndani?"

"Langa, bwana. Koma munalamula ndinu."

"Ninalemba pati? Nionetseni pepala." Anatsamira pampando. "Kameneka kakatuluka pa geti, wodula ndinu, wobisa ndinu, wotulutsa katundu wa koleji popanda chilolezo ndinu. Muli na ana anayi. Ganizani bwino."

Ndinatola kachidutswa kaja n'kutuluka. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sananame pa mpeni. Munthu wotere amadziwa kuika mpeni m'dzanja la mnzake, lake likhale loyera. Ndinataya Lachinayi lonse ndikufunafuna kumene Esinati ankagona m'tauni, mpaka ndinamupeza kwa azakhali ake. Ndinamuonetsa kachidutswa kaja. Sanalire, sanandinyoze. Anangoti, "Mailo seveni koloko."

Lachisanu tinalowa limodzi mu ofesi ya bungwe lija. Ndinaika satifiketi patebulo, kachidutswa n'kukasendeza pansi pake. Mzere wobiriwira unakumana bwinobwino mbali zonse ziwiri, kadzino ka mpeni kanalowa m'malo mwake, nambala yofiira ili poyera. Mayi wamkulu uja anawerama, anayang'ana, n'kufunsa kuti anadula ndani.

"Ine, mayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Kuti ilowe m'felemu."

Anaseka. Mnzake wa patebulo lina anaseka. Anaitana wachitatu kuti adzamve za kalipentala wodula satifiketi kuti ikwane m'felemu. Ine ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja, imvi zitayamba kale, ndikusekedwa, ndipo ndinayenera kusekedwa. Koma Esinati analakwa chiyani kuti aime pakati pa phwete limenelo? Atatha kuseka, mayi uja anapukuta maso n'kunena kuti pepani, nkhani ya polisi yatha, koma maina a olembedwa ntchito anatumizidwa kale ku likulu Lachitatu masana. Anati sanayembekezere kuti mtsikanayo abweranso.

Lachitatu masana! Anamulonjeza Lachisanu, iwo n'kutseka Lachitatu. Ndinakalipa mu ofesi ya eni ake mpaka mlonda anabwera. Koma ndikukalipa choncho ndinkawerenga masiku m'mutu. Esinati anabwera kwa ine Lolemba m'mawa. Ndikanatambasula dzanja tsiku lomwelo, tikanafika Lolemba masana, maina asanapite.

Zaka khumi ndi chimodzi za ku Mtenguleni

Bwana Daka anasunga lonjezo lake. Ndinalandira kalata yondichenjeza chifukwa chowononga masatifiketi ndi kutulutsa katundu popanda chilolezo, ndipo mwezi usanathe ananditumiza ku famu ya koleji kufupi ndi Mtenguleni. Inu ana akuluakulu mukukumbukira nyumba ija yodontha. Munthu amene ndinkadula ngodya ya felemu yosalowa ngakhale tsitsi, ndinakhala wokhoma makola a mbuzi ndi kukonza mawilibala. Mkulu wa koleji atabwerako anamva nkhani yonse, anapukusa mutu, n'kunena kuti zachitika zachitika. Bwana Daka anakwezedwa patapita zaka ziwiri. Pa phwando lomutsazika akuti anamupatsa chithunzi chake chili m'felemu yagolide, imodzi mwa zotsala zija. Chimenecho chokha ndicho chinakwana bwino.

Chitini ndinapita nacho, palibe anachifunsa. Koleji sinalembere kalata ngakhale mmodzi mwa anthu makumi anayi ndi awiri otsalawo kuwachenjeza kuti satifiketi zawo n'zodulidwa. Ndinayamba kuwafunafuna ndekha. Nthawi ya mwambo wa Ncwala, anthu akadzaza ku Mtenguleni, ine ndinkayenda m'gulu ndi maina m'thumba, kufunsa amene akudziwa mlangizi wakutiwakuti. Ena ndinawapeza asanatsegule n'komwe felemu yawo, ndipo ankadabwa ndikawapatsa kachidutswa. Wina anandithira mawu oti sindingalembe pano. Ena anali atasamukira ku Malawi kapena ku Migodi, ndipo sindinawapeze.

Chaka chatha

Nditapuma ntchito ndinamanga kashedi kuseri kwa nyumba yathu ino ya ku Kapata, kopangira mafelemu. Anthu amabwera ndi mafelemu ogula m'sitolo, a mainchesi omwe aja, n'kumati, "Amisiri, tangochepetsani pang'ono chithunzichi." Ndimawabweza. Amati mdala Mbewe ndi wovuta, ndipo sakunama.

Tsiku lina kunabwera mayi wamtali wa imvi za apo ndi apo, atanyamula envulopu yaikulu. Ndinamuzindikira asanalankhule. Esinati sanalembedwenso ntchito ya ulangizi. Chaka chotsatira bungwe lija silinalembe anthu, kenako bambo ake anadwala, iye n'kutsala pamunda. Amalima mtedza ndi mpendadzuwa ku Kasenengwa, ndipo alimi a kumeneko amapita kwa iye kukafunsa za nthaka, ulere. Mu envulopu munali satifiketi ya mwana wake wamkazi, amene wamaliza maphunziro a unamwino.

"Atate, ndamva kuti m'Chipata muno ndinu nokha simudula," anatero. Kenako anatulutsa tepi m'chikwama. "Koma ndabwera ndi yanga."

Ndinaseka, iye sanaseke. Tinayeza limodzi. Inali A4 yathunthu. Ndinamuonetsa mlombwa, tinagwirizana felemu ya masentimita 30 kwa 40, maunti yoyera motuwirako kuti chidindo chofiira chioneke. Ndinamuonetsa ndi pensulo pamene zenera lidzathere, nambala yonse ili poyera. Anayezanso yekha ndi tepi yake, n'kugwedeza mutu.

Kenako anatulutsa pepala lachiwiri, lachikasu ndi ukalamba, ndi kachidutswa kaja atakakulunga m'kapulasitiki. Zaka zonsezi sanaipachikenso satifiketi yake. Anati akufuna ikhale pakhoma pambali pa ya mwana wake.

Apa ndinaona mwayi wokonza chimene ndinawononga. Ndinamuuza kuti ndikhoza kulumikiza kumbuyo ndi pepala lopyapyala, mzere wobiriwira n'kukumana bwinobwino, moti munthu ataima patali pang'ono sangaone kuti inadulidwapo.

"Iyayi," anatero. "Musabise. Dulani mazenera awiri, lalikulu ndi laling'ono pansi pake, pakati musiye mpata. Kwathu alipobe amene amati ndinagula. Aliyense wolowa m'nyumba mwanga aone, afunse, ine ndimuyankhe."

Ndinadula monga ananenera. Sindinadulepo maunti mosamala chotero moyo wanga wonse. Atabwera kudzatenga, ndinamupempha chimene ndinalephera kupempha zaka zonsezo, kuti andikhululukire chifukwa chodula pepala lake. Anakulunga mafelemu onse awiri m'chitenje, anamanga mfundo, n'kundiyang'ana ngati tsiku lija m'shedi ya ku koleji.

"Zodulazo ndinakukhululukirani kalekale, atate. Munali ndi bwana, munali ndi khanda. Chimene chimandivutabe ndi Lolemba lija."



Ndiye ana anga, m'chitini chija mwatsala tizidutswa khumi ndi tiwiri, kalikonse kali ndi nambala kutsogolo ndi dzina kumbuyo. Eni ake sindikudziwa ngati ali moyo, koma ana awo alipo, ndipo tsiku lina wina adzatsegula felemu yagolide n'kupeza pepala lalifupi ndi chala chimodzi. Akadzafika pakhomo pano ine kulibe, musamufunse mafunso ambiri, musamuuze kuti mufunse kaye akuluakulu, musamuuze kuti abwere mawa. Akabwera Lolemba, mum'patse Lolemba lomwelo.